Mission Local, nyuzi yaulere ya ku San Francisco imene inalemba nkhani ya Chesa Boudin bwino kuposa ma TV akuluakulu

Inu amene mumakonda kutsata nkhani za ku America, makamaka za milandu, apolisi ndi ndale, ndati ndikuuzeni za nyuzi ina ya pa intaneti yotchedwa Mission Local. Ndi ya ku San Francisco, ndi yaulere, palibe zoti uwerenge nkhani ziwiri kenako akutsekere chitseko akuti lipira kaye, ayi, umangolowa nkuwerenga mpaka utatopa wekha. Anaiyambitsa mu 2008 ndi mayi Lydia Chávez, amene kale anali mtolankhani wa New York Times kenako nkumaphunzitsa utolankhani pa yunivesite ya UC Berkeley, ndipo poyamba inali ya ana asukulu ophunzira ntchitoyi, koma mu 2014 inachoka m'manja mwa yunivesite nkuyamba kuyima payokha. Dzinalo likuchokera ku dera la Mission, komwe kumakhala anthu ambiri ochokera ku Mexico ndi maiko ena olankhula Spanish, nchifukwa chake nkhani zina amazilembanso mu Spanish. Imayendera ndalama zimene owerenga ndi mabungwe amapereka mwa kufuna kwawo.

Ine ndimakhala kutsidya kwa nyanja ku East Bay koma ntchito ndimagwira mu San Francisco momwemo, ndimakwera sitima ya BART mmawa ndi madzulo, ndiye zambiri zimene amalemba ndi za misewu imene ndimapondamo ndi mapazi angawa. Ndipo ngati mukufuna kudziwa ngati nyuzi ili ya nzeru kapena ndi yongokuwa basi, muiyese pa nkhani imene aliyense anali atapsa mtima. Kwa ine nkhani imeneyo ndi ya Chesa Boudin, amene anali mkulu woimira boma pa milandu ku San Francisco.

Ndifotokoze kaye pang'ono chifukwa kwathu zimayenda mosiyana. Ku Malawi mkulu woimira boma pa milandu, DPP uja, amasankhidwa ndi pulezidenti kenako komiti ya ku nyumba ya malamulo nkuvomereza. Kuno ku California dera lililonse lili ndi wakewake, amati District Attorney kapena kungoti DA, ndipo anthu amachita kumuvotera ngati mmene timavotera MP. Komanso akatopa naye nthawi yake isanathe amatha kusonkhanitsa ma siginecha nkuitanitsa voti yomuchotsa, imene amati recall, zija zinali mu Section 64 ya malamulo athu aakulu aphungu asanaichotse mu 1995. Boudin anawina mu November 2019 movutikira ndithu, anapambana mayi Suzy Loftus ndi mavoti ochepa, nkuyamba ntchito mu January 2020. Pa 7 June 2022 anamuchotsa.

Munthuyu mbiri yake ndi yoti mtolankhani aliyense sangaisiye, ndipo sankaisiya. Makolo ake, Kathy Boudin ndi David Gilbert, anali a Weather Underground, gulu loukira boma la America, ndipo anamangidwa mu 1981 chifukwa chotenga nawo mbali pa umbava wolanda galimoto yonyamula ndalama ya kampani ya Brink's ku New York, pomwe panafa apolisi awiri ndi mlonda mmodzi. Iye anali khanda la miyezi 14. Anakulira ku Chicago m'manja mwa anzawo a makolo akewo, Bill Ayers ndi Bernardine Dohrn, ubwana wake wonse amayi ake ndi bambo ake ankawaonera kundende. Anaphunzira ku Yale ndi ku Oxford, nkudzakhala loya wa boma woimira anthu osauka amene akuimbidwa milandu, ndiye kuti asanakhale wozenga anthu milandu anali mbali inayo, yowateteza. Ma TV ambiri a dziko lonse nkhani ya Boudin ankaiyambira pamenepa, mwana wa zigawenga, nkuithera pomwepo, ngati kuti ukadziwa za makolo ake ndiye wadziwa kale mmene akuyendetsera ofesi.

Zimene anachita atalowa mu ofesi ndi zodziwika. Anauza maloya ake kuti asiye kupempha khoti kuti munthu azilipira ndalama za belo, mfundo yake inali yoti wolemera woopsa amatuluka tsiku lomwelo pomwe wosauka amene waba zazing'ono amagona mu selo chifukwa chosowa ndalama, ndiye jaji aziona ngati munthuyo ndi woopsa kapena ayi osati kuona thumba lake. Anatumiza anthu ambiri ku mapulogalamu owathandiza kusiya mankhwala ozunguza bongo kapena kulandira chithandizo cha matenda a maganizo m'malo mwa ndende. Corona itafika patangopita miyezi iwiri, anathandiza kuchepetsa anthu mu ndende ya mzindawo. Ndipo anachita chinthu chimene apolisi sanamukhululukire, kutengera apolisi kukhoti, wina chifukwa chowombera munthu mpaka kufa, wina chifukwa chomenya munthu ndi ndodo. Womenya uja khoti linamupeza wosalakwa mu March 2022, ndipo mlanduwo a Mission Local anautsata ali mukhoti momwemo, kulemba zimene mboni zanena, osati zimene akuganiza kuti zinanenedwa.

Tsopano vidiyo ija. Mu June 2021 panatuluka kavidiyo ka masekondi ochepa, mnyamata ali mu shopu ya Walgreens akuthira katundu mu jumbo lakuda la zinyalala, mlonda ataima poteropo akungojambula pa foni, kenako mnyamatayo nkukwera njinga mkati momwemo nkutuluka pakhomo. Vidiyo imeneyi inazungulira dziko lonse. Inandipeza kuchokera kwa achemwali anga ku Lilongwe pa WhatsApp, ati achimwene kodi muli bwinobwino kumeneko, tikumva kuti kwanuko kuba analoleza. Ndipo sindingawanene chifukwa ndi mmene nkhaniyo inkafotokozedwera, akuti ku San Francisco ukaba katundu wosapitirira madola 950 sumangidwa chifukwa DA wake safuna kuzenga akuba. Zoona zake nzakuti lamulo la madola 950 lija ndi Proposition 47, analivomereza ndi anthu ovota a California yense mu 2014, Boudin asanalote nkomwe za udindowu, ndipo silinena kuti kuba ndi kololedwa, limangoti kuba kotere ndi mlandu waung'ono osati waukulu. Mnyamata wa njinga uja anagwidwa patangopita masiku ochepa, ofesi ya Boudin yomweyo inamuzenga milandu, ndipo anakalowa. Koma zimenezo ndani anakutumizirani pa WhatsApp? Palibe. Mu October 2021 a Walgreens analengeza kuti akutseka mashopu asanu mu mzindawo chifukwa cha umbava, nkhani inakula zedi, kenako mu January 2023 mkulu wawo woona zachuma James Kehoe anavomera pamaso pa eni masheya kuti mwina anadandaula mopyoza muyeso chaka chapitacho. Nthawi imeneyo nkuti Boudin atachoka kale.

Apa ndi pamene ndimaikondera Mission Local. Vidiyo ikatha iwo nkhani saisiya, amabwereranso patapita sabata, patapita mwezi, kudzakuuza kuti munthu uja anagwidwa kapena ayi, mlandu uli pati, jaji wati chani. Ndipo amalimbikira kusiyanitsa ntchito ya aliyense, chinthu chimene ma TV ambiri ankachisokoneza mwadala kapena mwaulesi kaya. Wogwira wakuba ndi wapolisi, ndipo mkulu wa apolisi, nthawi imeneyo anali Bill Scott, amasankhidwa ndi meya osati DA. Wosesa misewu ndi kuyang'anira anthu ogona panja ndi ofesi ya meya, nthawi imeneyo London Breed. DA amalandira fayilo apolisi akamaliza ntchito yawo. Ndiye ku San Francisco vuto lalikulu kwa zaka zambiri lakhala kuswa magalasi a magalimoto, ukamayenda mmawa mmbali mwa msewu umangoona timagalasi tobiriwira tili mbwee pansi, magalimoto ena eni ake anamata pepala pa windo kuti mulibe kanthu muno chonde musaswe, koma pa milandu yonseyo imene apolisi amagwirapo munthu ndi yochepa kwambiri. Kumuimba mlandu DA pa milandu imene sinafike nkomwe pa tebulo lake kuli ngati kukalipira wophika kuti nsima ili kuti pomwe chimanga sichinapite kuchigayo. Mfundo imeneyi ndinaimvetsa bwino powerenga iwowa, makamaka Joe Eskenazi, mkonzi wawo amene amalemba kolamu yake, munthu wodziwa mzindawu mkati ndi kunja ndipo saopa kukhumudwitsa mbali iliyonse.

Amakondanso manambala ndi mapu. Pa nkhani ya umbanda ankaika ma graph oti ukhoza kudina wekha nkuona kuti kuthyola nyumba kunakwera nthawi ya corona pomwe alendo odzaona malo anasowa ndipo mashopu anali otseka, milandu ina inatsika, ndipo kuphana kunakwera mu America yense mu 2020, m'madera a ma DA ofatsa ndi a ma DA ankhanza omwe. Sankanena kuti mzindawu uli bwino, ayi. Aliyense amene wadutsa ku dera la Tenderloin akudziwa zimene mankhwala ozunguza bongo a fentanyl achita kwa anthu, munthu ataima chopindika pakati pa msewu ngati wathyoka msana, wina atagona pakhomo la shopu osadziwika ngati akupuma. Zimenezo ndi zoona ndipo zimawawa kuziona. Koma funso loti wachititsa ndani iwo ankalifunsa bwinobwino osangoloza munthu mmodzi.

Musaganize kuti ndikunena kuti Boudin anali mngelo kapena kuti nyuziyi inkamuikira kumbuyo pa chilichonse. Pali zinthu ziwiri zimene mpaka lero zimandipweteka mtima. Pa 31 December 2020 mkulu wina amene anali atatuluka kundende pa parole, kutanthauza kuti boma linkamuyang'anirabe ali kunja, anagunda amayi awiri ndi galimoto yakuba onse nkufa, ndipo zinadziwika kuti miyezi ya mmbuyomo apolisi anamugwirapo kangapo koma ofesi ya Boudin sinamutsegulire mlandu watsopano, inkangomutumiza kwa oyang'anira parole. Maofesi anayamba kulozana zala, koma amayi awiriwo anapita basi, ndipo yankho loti dongosolo lonse ndi limene linalephera silitonthoza mayi amene waika mwana wake m'manda. Kenako mu January 2021 agogo ena a zaka 84 ochokera ku Thailand anakankhidwa mwamphamvu ali pa ulendo wawo wa mmawa wowongola miyendo nkumwalira, ndipo Boudin polankhula ndi New York Times anagwiritsa ntchito mawu amene anamveka ngati akuchepetsa nkhaniyo, ngati kuti mnyamata wokankhayo anangopsa mtima ngati mwana. Ofesi yake inamuzenga mnyamatayo mlandu wakupha, inde, koma mawu aja anali atatuluka kale. Nthawi imeneyo anthu achikulire a ku Asia ankamenyedwa m'misewu, mantha anali enieni, ine ndimagwira ntchito ndi anthu achikulire ndiye ndinaona ndi maso anga agogo amene kale ankapita okha kukagula masamba ku Chinatown atasiya kutuluka pakhomo. Munthu wamantha safuna graph, amafuna amve kuti wamumva. Boudin pamenepa ankalephera, ankayankha ngati loya ali mukhoti, ndipo a Mission Local sanabise zoti pa ndale munthuyu ankadzipweteka yekha.

Gawo limene anagwira ntchito yotamandika kwambiri ndi la ndalama. Kampeni yomuchotsa inasonkhanitsa madola opitirira 7 miliyoni, gawo lalikulu kudzera ku gulu lotchedwa Neighbors for a Better San Francisco, ndipo mmodzi mwa opereka kwambiri anali William Oberndorf, mpondamatiki amene amadziwika pothandiza a chipani cha Republican. Izi sizikutanthauza kuti onse amene anavota kuti achoke anagulidwa, ayi, San Francisco ndi mzinda wa ma Democrat ndipo ambiri anavota chifukwa chotopa ndithu. Koma wowerenga ayenera kudziwa kuti zotsatsa zimene zinkabwera pa TV madzulo aliwonse ndi timapepala todzadza mu bokosi la makalata analipira ndani, ndipo iwo ankakuonetsa mayina ndi ndalama zake. Nkhope ya kampeniyo anali mayi Brooke Jenkins, loya amene anasiya ntchito mu ofesi ya Boudin mu October 2021 nkumayenda m'ma TV kunena kuti abwana ake akale alephera, akuti iye akungodzipereka. Boudin atachoka meya Breed anasankha Jenkins yemweyo kukhala DA mu July 2022, kenako mu August zinatuluka m'mafomu ake oulula chuma kuti analandira madola opitirira 100,000 kuchokera ku bungwe la pachibale ndi gulu lomwe lija. Ndipo anali a Mission Local amene anatulutsa nkhani yoti asanachoke mu ofesi Jenkins anatumiza zikalata za mbiri ya milandu ya mkulu wa ngozi ya pa 31 December uja ku imelo ya mnzake yosakhala ya ku ntchito. Kanyuzi kakang'ono, atolankhani owerengeka, koma nkhani ngati imeneyi anaifukula ndi iwowo.

Usiku wa voti nawonso unandiphunzitsa kanthu za mmene nyuzi zazikulu zimagwirira ntchito. Zotsatira zoyambirira zinaonetsa pafupifupi 60 peresenti akuti achoke, ndiye pofika mmawa nyuzi za ku New York ndi ku Washington zinali zitalemba kale kuti ngakhale mzinda wa ma liberal wakana zosintha kayendetsedwe ka milandu, nkhani yatha. Koma ku California mavoti a pa positi amawerengedwa kwa masiku angapo, ndipo atamaliza zinathera pa 55 kwa 45. Anthu opitirira 100,000 anavota kuti akhalebe, ochuluka kuposa amene anamulowetsa mu 2019. Tsiku lomwelo kutsidya kuno ku Contra Costa mayi Diana Becton, DA wa maganizo ofanana ndi a Boudin, anawinanso bwinobwino. A Mission Local anali ndi mapu oonetsa mmene dera lililonse lavotera, ukadina umaona kuti ku Mission ndi ku Haight ambiri anamuikira kumbuyo pomwe ku Marina ndi madera a kumadzulo ndi kummwera komwe kuli anthu ambiri ochokera ku China anamukana. Mapu amenewo anandiuza zambiri kuposa nkhani zitalizitali za akatswiri amene anangobwera pa ndege kudzagona masiku awiri mu hotela. Kunena chilungamo mphepo inapitirira kuwomba mbali yomweyo, mu November 2024 ma DA ena a maganizo ngati a Boudin anagwanso, George Gascón analuza ku Los Angeles, Pamela Price anachotsedwa kuno ku dera la Alameda, ndipo ovota anavomereza Proposition 36 yokhwimitsanso zilango, ndiye sindikunena kuti nyuzi zazikuluzo zinaphonya zonse. Koma zinathamanga kulemba mutu mavoti asanathe.

Chimene chinandipangitsa kuti ndiyambe kuwatumizira kangachepe mwezi ndi mwezi ndi nkhani ya Bob Lee. Uyu anali katswiri wa zamakompyuta amene anayambitsa nawo Cash App, pulogalamu yotumizira ndalama pa foni, anabayidwa ndi mpeni usiku mu April 2023. Maola ochepa chabe anthu otchuka pa Twitter, kuphatikizapo Elon Musk, anali atagamula kale kuti ndi umbanda wa mu msewu wa San Francisco, zigawenga zimene zimangotulutsidwa, ena mpaka kumatchula Boudin amene nkuti atachoka miyezi yambiri mmbuyomo. Patapita sabata ndi masiku Mission Local ndi imene inayamba kulengeza kuti apolisi amanga munthu, ndipo sanali wogona mu msewu, anali mnzake wa zamakompyuta yemweyo amene ankadziwana naye ndipo usiku umenewo anali limodzi mu galimoto. Mu December 2024 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha. Ngakhale Jenkins yemweyo ananena poyera kuti zolemba ngati za Musk zinali zosasamala. Ndipo anthu ofa ndi mankhwala ozunguza bongo mu mzindawo, amene ankati ndi chifukwa cha kufatsa kwa Boudin, anafika pa chiwerengero chachikulu kuposa kale lonse mu 2023, opitirira 800, iye kulibe.

Zofooka zilipo. Choyamba amalemba ngati aliyense ndi mbadwa ya San Francisco, amangotchula mayina a ma supervisor, amene ali ngati makhansala a mzindawo, ndi manambala a ma district osafotokoza, ndiye ngati mukuwerengera ku Blantyre kapena ku Lusaka muvutika masiku oyamba mpaka mutazolowera kuti uyu ndani uyo ndani. Chingerezi cha Eskenazi nachonso ndi chokometsera kwambiri, amakonda nthabwala ndi zifanizo za mafilimu akale a ku America, nthawi zina umawerenga ndime kawiri kuti ugwire chimene akutanthauza. Chachiwiri, mtima wawo umaoneka kuti uli mbali ya anthu wamba, obwereka nyumba, obwera kuchokera kunja, ndipo amakayikira apolisi ndi anthu a ndalama msanga kuposa mmene amakayikirira mbali inayo. Ine zimenezo sizindivuta chifukwa manambala awo amaonetsa komwe awatenga, koma ndi bwino muzidziwe, ndipo pa nthawi ya recall ndikanakonda akanapereka malo ochulukirapo kwa eni mashopu ang'onoang'ono ndi agogo a ku Chinatown kuti alankhule okha mwakuya. Chachitatu ndi ochepa, sangakhale paliponse, nkhani zina zikuluzikulu amazipeza mochedwa kapena kungozidutsa, ndipo kunja kwa San Francisco alibe nako ntchito, za ku Oakland kuno ndimakazipeza kwina. Ma comments a pansi pa nkhani zawo ndiye musataye nawo nthawi, ndi anthu omwewomwewo kukangana zomwezomwezo.

Pa foni imatseguka msanga, ilibe zotsatsa zodumphadumpha zija zimene zimadya bandulo, kupatula mapu ndi ma graph amene amafuna netiweki yabwinoko ndipo amaoneka bwino pa kompyuta. Ali ndi kalata ya pa imelo yaulere imene amatumiza mitu ya nkhani. Kwa ophunzira zamalamulo kapena utolankhani kwathuko ndinganene kuti lowani, lembani Boudin pa search, muyambire nkhani za 2021 kubwera kuno, kenako muyerekeze ndi zimene ma TV a dziko lonse ankanena sabata yomweyo. Boudin mwini wake pano ali ku UC Berkeley, kuyambira 2023 akutsogolera Criminal Law & Justice Center pa sukulu ya zamalamulo, ndipo pa chisankho cha DA cha 2024 sanaimenso. Mlandu wa wapolisi wowombera munthu uja, umene iye anatsegula mu 2020, ofesi ya Jenkins inauthetsa mu 2023, ndipo nkhani imeneyonso muipeza pomwepo pamodzi ndi zimene abale a malemuyo ananena kunja kwa khoti.